Kuyeza DNA ya hatchi zothamanga ndi ngolo: kwandithandiza pati, kwandidyera ndalama pati

Ngati hatchi yanu ndi ya magazi a ku America okhaokha, sungani ndalama zanu. Ngati ndi kallblod (mtundu wa mahatchi a thupi lodzaza a ku Sweden ndi ku Norway), kapena ili ndi magazi a ku France, yezetsani, makamaka ikakhala yaikazi imene mukufuna kuti ikuberekereni. Awa ndiwo maganizo anga pa kuyeza kwa jini (kachigawo ka DNA kotengera kwa makolo) yotchedwa DMRT3, kumene pamalonda kumadziwika ndi dzina loti SynchroGait. Malabotale angapo a zinyama ku Ulaya ndi ku America amachita kuyeza kumeneku. Ife tinatumiza ku imodzi mwa izo, ndipo zimene ndikulemba pano ndi zimene ndinaona ndi maso anga m'khola limene ndimagwiramo ntchito.

Ndimasamalira mahatchi a mpikisano m'chigawo cha Hälsingland ku Sweden. Kuwola ndowe, kupesa, kumanga zingwe, kutsuka miyendo ndi madzi ozizira akabwera kothamanga, kukweza mahatchi m'galimoto kupita ku mabwalo a mpikisano a ku Bollnäs kapena ku Hagmyren, zonsezo ndi zanga. Abwana ndiwo amaphunzitsa mahatchiwo ndi kukwera pangolo. Ine ndimakhala pansi, pafupi ndi ziboda, ndipo ndi pansipo pamene munthu amayamba kumva kuti hatchi ikuponda bwino kapena ayi.

Kwa amene simunaonepo masewerawa, mpikisano wake ndi wotere. Hatchi imakoka kangolo kopepuka ka matayala awiri kotchedwa sulky, ndipo woyendetsa amakhala kumbuyo, miyendo itatambasukira m'mbali mwa hatchiyo. Mabwalo ambiri kuno ndi a mamita 1000, ndipo mipikisano yambiri imakhala ya mamita 1640, 2140 kapena 2640. Chovuta chake n'chakuti hatchi siloledwa kuthamanga mmene mtima wake ukufunira. Iyenera kukhala pa trav, kutanthauza kuti mwendo wakutsogolo wakumanzere uziponda limodzi ndi wakumbuyo wakumanja, kenaka enawo chimodzimodzi. Hatchi wamba ikafika pa liwiro linalake imasiya kuponda kotero n'kuyamba kujowa, ndipo pampikisano kujowa ndi mlandu. Woyendetsa ayenera kuigwira msanga kuti ibwerere, apo ayi oweruza amaichotsa. Mungathe kukonzekera miyezi yambiri, kudzuka usiku m'chisanu choluma, kenaka zonse n'kuthera pa kujowa kumodzi pakona yomaliza. Ndiye chifukwa chake munthu akamva kuti pali njira yodziwira, kuchokera pa ubweya chabe, ngati hatchi inabadwa yotha kugwira trav pa liwiro lalikulu, dzanja limapita lokha m'thumba.

Nkhaniyi si yongopeka anthu amalonda. Mu 2012, akatswiri a ku Uppsala, mzinda wa kuno ku Sweden, pakati pawo Leif Andersson, Lisa Andersson, Gabriella Lindgren ndi Klas Kullander, anasindikiza zimene anapeza m'magazini ya Nature. Anayambira pa mahatchi a ku Iceland, kufuna kudziwa chifukwa chake ena amatha kuthamanga pa pass, miyendo ya mbali imodzi ikuyendera limodzi, pamene ena satha. Anapeza kusiyana kwa chilembo chimodzi chokha mu DNA, pa chromosome 23, pamene C inasanduka A. Kusinthako kumadula puloteni ya DMRT3 isanafike kumapeto. Puloteniyi imagwira ntchito m'maselo a mitsempha ya mumsana amene amagwirizanitsa miyendo, wakumanzere ndi wakumanja, wakutsogolo ndi wakumbuyo. Atayesa pa mbewa zimene anazichotsera jiniyi, nazonso miyendo inasokonekera kayendedwe. Hatchi iliyonse imalandira chilembo chimodzi kwa mayi, china kwa bambo, choncho yankho la labotale limakhala limodzi mwa atatu: CC, CA kapena AA. Ya AA ndi imene imachedwa kujowa liwiro likamakwera. Kafukufuku wina wa mu 2016 anapeza chilembo cha A m'mafupa a mahatchi akale a ku York ku England, a pakati pa zaka za 850 ndi 900, kutanthauza kuti anthu akhala akusankha mahatchi otere kwa zaka zoposa chikwi asakudziwa chimene akusankha.

Kutumiza kwake n'kosavuta, ndipo apa ndikuwayamikira. Safuna magazi, choncho simuitana dokotala wa ziweto. Mumazula ubweya wa pamchira kapena wa pakhosi, tingapo makumi awiri kapena atatu, n'kuika mu envulopu ya pepala. Osameta ndi sizasi. DNA ili ku mizu, ndiye muyenera kuzula ngati mmene timazulira mbande za fodya pa nazale, mizu yomwe ili pompo. Ndimakulunga tsitsi lochepa pachala, pafupi ndi khungu, n'kukoka kamodzi mwamphamvu. Mukayang'ana powala muona timitu toyera kunsonga kwake, ndipo timeneto ndito tofunika. Mahatchi aakulu sasamala n'komwe, amangopitiriza kudya. Kamwana ka hatchi ndi nkhani ina: ubweya wake wa pakhosi ndi wofewa kwambiri, ndiye timazula wa pamchira, munthu ataima pambali, osati kumbuyo kwenikweni. Ubweyawo ukhale wouma, ndipo musambe m'manja musanapite pa hatchi ina, chifukwa tsitsi limodzi losochera litha kusokoneza zonse. Envulopu ya pulasitiki imasunga chinyontho n'kuwoletsa mizu.

Mtengo wake si woti munthu wokhala ndi hatchi ya mpikisano angalire nawo. Poyerekeza ndi zimene hatchi imodzi imadya pamwezi, pa udzu, chakudya, nsapato ndi malipiro a mphunzitsi, ndi kandalama kochepa, ndipo mumalipira kamodzi kokha pa moyo wonse wa hatchiyo popeza DNA sisintha. Yankho linabwera pa imelo patapita masabata ochepa.

Chimene sichinandisangalatse ndi pepala la yankholo. Linali ndi dzina la hatchi, nambala yake, zilembo ziwiri, ndi timizere tochepa tofotokoza tanthauzo lake mwachisawawa, tofanana kwa mitundu yonse ya mahatchi. Koma AA ya hatchi ya ku Iceland, AA ya varmblod (mahatchi aliwiro a magazi a ku America kapena ku France) ndi AA ya kallblod si nkhani imodzi. Labotale imene tinatumizako inafunsa mtundu wa hatchi pa fomu, koma poyankha sinagwiritse ntchito zimene tinalembazo. Mwini hatchi wosadziwa zambiri amangoona zilembo ziwiri n'kudzipangira yekha tanthauzo, ndipo tanthauzo lodzipangira nthawi zambiri limakhala lolakwika.

Tiyambe ndi pamene ndalama zinangopita. Bambo wina anagula kamsoti ka varmblod pa msika wa mahatchi a chaka chimodzi, makolo ake onse a ku America, ndipo anaumirira kuti kayezedwe. Abwana anawauza kuti yankho akulidziwa kale, koma mwini ndalama ndi mwini ndalama. Linabwera AA, bamboyo n'kusangalala ngati apata mphoto. Chimene sankafuna kumva n'chakuti pafupifupi hatchi iliyonse ya Standardbred ya ku America ndi AA. Mtunduwu unapatsidwa dzina limeneli chifukwa kuyambira mu 1879 hatchi inkalembedwa m'kaundula ikafika pa muyezo (standard) wothamanga mailo imodzi m'mphindi 2 ndi masekondi 30, ndipo pafupifupi onse amachokera kwa mphongo imodzi, Hambletonian 10, yobadwa mu 1849. Zaka zonsezo akhala akusefa, ndipo chilembo cha C chinatsala pang'ono kutheratu. Choncho mahatchi onse amene kamsotiko kadzapikisane nawo ali ndi zilembo zomwezo. Wopambana Elitloppet, mpikisano waukulu wochitikira pa bwalo la Solvalla ku Stockholm, ndi womaliza pa mpikisano waung'ono wa pakati pa sabata atha kukhala AA onse awiri. Ngakhale kusiyanitsa hatchi ya trav ndi ya pass, monga amathamangitsira ku America ndi ku Australia, jiniyi siingathe, chifukwa magulu onse awiri ndi AA.

Magazi a ku France akalowapo zinthu zimasintha. Pakati pa mahatchi a Trotteur Français chilembo cha C chikadalipo, ndipo ndi kudzera mwa iwo mmene chimapezekera mwa varmblod ena a kuno. Akatswiri a ku Uppsala aja anapeza kuti mwa varmblod, a AA ankachita bwino pa mipikisano kuposa a CA. Ndiye ngati mukugula mwana wa hatchi wokhala ndi agogo a ku France, funso lilipo loti mufunse, ndipo ubweya ungakuyankheni. Ngakhale pamenepo ndingachenjeze kuti anthu amatsata magazi a ku France chifukwa cha mphamvu ndi kupirira pa mtunda wautali, zinthu zimene kuyeza kumeneku sikuona.

Kumene ine ndinaonera phindu lenileni ndi kwa kallblod, amene ndiwo ambiri m'khola mwathu. Awa ndi mahatchi a thupi lodzaza, a ubweya wambiri m'miyendo, ochokera ku mahatchi akale a kumpoto kwa Sweden ndi ku Norway amene ankakoka mitengo m'nkhalango. Sathamanga ngati varmblod, ndipo amapikisana okhaokha. Kuno nthawi amawerengera pa kilomita: varmblod wabwino kwambiri amayandikira 1.10, kutanthauza mphindi imodzi ndi masekondi 10, pamene Järvsöfaks, kallblod wotchuka kuposa onse, wophunzitsidwa ndi Jan-Olov Persson wa m'chigawo chathu chomwechi, anafika 1.17,9 mu 2005 ndipo anapambana mipikisano 201 mwa 234. Mwa mtundu umenewu zilembo zonse zitatu zimapezeka. Akuluakulu amanena poyera kuti kale, kuyeza makolo kusanakhale kokakamiza mu 1969, panali alimi ena amene ankakweretsa akazi awo ndi mphongo za varmblod mobisa, pepala n'kulemba bambo wina. Akamakamba nkhaniyi amaseka, aliyense akuloza mudzi woyandikana nawo.

Tinali ndi kamphongo kakang'ono, koderako, kamphamvu zoopsa, kamene kankatizunguza mutu. Pa liwiro lochepa kankaponda bwino kwambiri, mutu m'mwamba, phokoso la ziboda lomveka bwino kuti pha, pha, pha, pha. Abwana akangomasula zingwe pang'ono, kankajowa. Mwini wake, mayi wachikulire amene wakhala akuweta kallblod kuyambira utsikana wawo, anayamba kunena kuti n'kamwano ndipo kafulidwe. Tinazula ubweya, yankho n'kubwera CC. Abwana atawerenga anangogwedeza mutu n'kunena kuti, "Ndiye si mwano. Tikapempha chinthu chimene sikanakhwimire." Kuyambira pamenepo anasiya kukathamangitsa pabwalo. Miyezi yonse yachisanu kankakoka ngolo yolemera m'misewu ya m'nkhalango, kukwera zitunda pang'onopang'ono, chipale chofewa chikufika m'mawondo. Wokhoma nsapato anakaika zachitsulo zolemererapo kutsogolo kuti mwendo uzitambasuka, ndipo liwiro ankaliwonjezera pang'ono zedi. Panopa kamathamanga mipikisano. Si katswiri, ndipo poyambira pa volt, pamene mahatchi amazungulirazungulira asanawalole kunyamuka, mtima wanga umakhalabe m'mwamba. Koma kamabweretsa ndalama zogulira udzu wake, ndipo sikanamenyedwe chifukwa cha chinthu chimene kanabadwa nacho. Kwa ine, apa pokha ndalama za kuyeza zinabwerera.

Nkhani yachiwiri ndi imene inandichititsa kulemba zonsezi. Hatchi yaikazi ya zaka zinayi, kallblod nayonso, inayezedwa idakali yaing'ono ndipo inali AA. Eni ake, anyamata angapo amene anasonkherana ndalama, ankaiona ngati banki. Itayamba kujowa pamakona, sanakhulupirire. Wina amati woyendetsa ndi wamantha, wina amati zingwe zamangidwa molakwika, wina amati tiivule nsapato ithamange ndi ziboda zokha monga amachitira ena pofuna liwiro (ndipo inali nyengo yachisanu, pamene malamulo a kuno saloleza zimenezo). Mawu awo anali amodzi: "Koma ndi AA, singajowe." Ine ndinkaiona m'mawa ndikamaitulutsa. Masitepe oyamba inkakoka pang'ono mwendo wakumbuyo wakumanzere, nsonga ya chiboda ikukhula pansi, kenaka ikatenthedwa n'kumayenda bwinobwino. Ndikaika chikhatho pamfundo yaikulu ya mwendowo ndinkamva kutentha pang'ono ndi kutupa kofewa chakutsogolo, kumene mwendo winawo kunalibe. Ndinawauza abwana, iwo n'kuitana dokotala. Atapinda mwendowo kwa kanthawi n'kuithamangitsa pamsewu, kutsimphina kunaonekera kwa aliyense, ndipo X-ray inaonetsa kachidutswa ka fupa kotayirira m'mfundomo. Matendawa amatchedwa osteochondrosis, ndipo ngodziwika kwambiri mwa mahatchi a trav. Amayamba hatchi ikamakula, pamene chichereŵechereŵe cha m'mfundo sichikhwima bwino, ndipo mbali ina ndi yotengera kwa makolo. Anaichita opaleshoni, inapuma, inabwerera.

Labotale sinaname. Hatchiyo ndi AA ndithu. Koma zilembo ziwirizo zinatseka anthu maso kwa masabata ambiri, hatchi ikumva ululu. Hatchi imajowa pa zifukwa zambiri: mfundo yopweteka, msana, dzino lakuthwa limene likuicheka tsaya chitsulo cha mkamwa chikakokedwa, zilonda za m'mimba, kudzimenya yokha mwendo ndi nsapato pakona, ngakhale mantha chabe ndi mchenga wouluka kuchokera kwa zinzake zakutsogolo. Mwa kallblod palinso vuto la kuuma kwa chichereŵechereŵe cha m'mbali mwa chiboda n'kusanduka fupa, limene oweta amalilondalonda kwambiri. Pa zonsezi ubweya wa mu envulopu sunenapo kanthu.

Ndiponso AA mwa kallblod ili ndi zake. Chilembo chomwecho chimene chimachedwetsa kujowa ndi chimene chimatsegula njira ya pass, ndipo kuno pass salola pa mipikisano. Ndaonapo ana a AA amene pa liwiro lochepa amagwedezeka uku ndi uku, miyendo ya mbali imodzi ikufuna kuyendera limodzi, mpaka wokhoma nsapato kubwera kangapo kufunafuna kulemera koyenera. Kafukufuku wa mu 2017 pa kallblod sanapeze umboni woti jiniyi imachititsa hatchi kuyamba kuchita bwino idakali yaing'ono. Choncho amene amakuuzani kuti kallblod ya AA ndi ndalama zapatebulo akukamba zoposa zimene akatswiriwo anapeza.

Kwa oweta, phindu lake lili pa masamu osavuta. Yaikazi ya CC ikakwerana ndi mphongo ya AA, ana onse amakhala CA. Onse awiri akakhala CA, mwa ana anayi mungayembekeze mmodzi wa AA, awiri a CA ndi mmodzi wa CC, ngakhale kuti mwana aliyense ndi maere akeake. Yaikazi ya CA ndi mphongo ya AA sizingabereke CC. Mayi wachikulire uja anayezetsa yaikazi imene inabereka kamphongo kathu, inapezeka CA, ndipo ulendo wotsatira anasankha mphongo ya AA kuti asadzavutikenso ndi mwana wochedwa kukhwima. Anati pa msinkhu wawo alibe zaka zodikira. Ndinawamvetsa. Koma chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti kallblod ndi ochepa kale, ndipo ambiri ndi pachibale chifukwa mphongo zochepa zotchuka zinabereka ana ambirimbiri. Oweta onse akayamba kuthamangira chilembo chimodzi, n'kumataya akazi abwino a CC amene ali ndi miyendo yolimba ndi mtima wofatsa, magazi adzapanikizika kuposa pano. Apa vuto si labotale ayi, ndi ife ogula.

Palinso gulu lina limene sindinkaliganizira: anthu amene amatenga mahatchi opuma pa mpikisano kuti azikwera pamsana. Iwo amafuna zosiyana ndi zathu. Amafuna hatchi yojowa bwino, mofewa, ndipo varmblod wa AA kawirikawiri amavutika kuphunzira zimenezo, pamene wa CA zimamuphwekerako. Mtsikana wina amene anadzatenga mfule yathu yokalamba anafunsa za zilembozi asanafunse n'komwe kuti inapambana kangati.

Ndiye ndani atumize ubweya? Woweta kallblod amene akusankhira yaikazi yake mphongo. Wogula mwana wa varmblod wa magazi osakanikirana ndi a ku France. Mphunzitsi amene ali ndi hatchi yaing'ono yojowajowa, koma pokhapokha dokotala ataiona kale miyendo, msana ndi mano n'kupeza kuti ili bwino. Dongosolo limeneli ndilofunika, chifukwa mukayamba ndi envulopu mudzawerenga yankho lake molakwika. Ngati ndalama zili zochepa moti muyenera kusankha pakati pa kuyeza DNA ndi kujambula mfundo za miyendo musanagule, jambulani mfundo. Ndipo polemba fomu, funsani labotaleyo ngati ingakufotokozereni tanthauzo la yankho pa mtundu wa hatchi yanuyo, osati pa mahatchi onse a padziko. Yathu sinatero, ndipo chaka chino ana a hatchi akabadwa tiyesa kwina.